Wanjinga Wosafunsa Njira

Kodi wanjinga yamoto amene sanafunse kumene mkulu wa mpingo akupita anali ndani?

Uthenga unamupeza mkuluyo masana akukonza mipando m'tchalitchi: mkazi wake wagwa akuyanika zovala, aneba athamangira naye kuchipatala, ndipo sakuyankhula. Anatuluka chothamanga, makiyi n'kuwasiya pachitseko. Kumsewu anapeza magalimoto atangoima ndondondo, chifukwa lole inali itagwa chopingasa pamlatho. Apo m'pamene njinga yamoto inaima pamapazi pake. Woyendetsa, nkhope itabisika m'chisoti chagalasi lakuda, anangomenya mpando wakumbuyo ndi chikhatho.

Mkuluyo anali asanakwerepo njinga yotere. Paguwa ankaitcha bokosi lamaliro la matayala awiri. Komabe anakwera, nagwira kachitsulo kakumbuyo, msana uli chilili, kuti jekete yake isakhudze malaya afumbi a munthuyo.

Atapitirira mashopu, anazindikira chinthu chimodzi. Sanatchule chipatala. Sanatchule chilichonse. Ndipo njinga inasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira ka pakati pa mipanda, kamiyala, ngalande yakuya ili kumanzere. Anakumbukira nkhani za anthu otengedwa dzuwa likuswa mtengo osaonekanso. Anayesa kupemphera, koma sizinatheke. Lamlungu lapitalo anali atalalikira za njira yopapatiza mapazi ali pasimenti, anthu akuvomera. Lero njirayo inkamugwedeza mano.

Pokhota koyamba njinga inapendekera kungalande, iye nadzikokera mbali inayo ndi mphamvu zake zonse. Tayala lakumbuyo linaterereka, timiyala n'kugwera m'madzi akuda pansipo. Pokhota kachiwiri zinachitikanso, bondo lake linakhula mpanda. Woyendetsa anaima, phazi limodzi pansi. Mawu anatuluka m'chisoti ngati a munthu woyankhulira mumgolo.

"Akuluakulu, mukalimbana nane pokhota, tigwera m'ngalandemu tonse awiri. Tsikani, apo ayi mundigwire m'chiuno. Ndikapendekera, inunso pendekerani komweko."

Mkuluyo anayang'ana kumbuyo. Kubwerera wapansi kukanamutengera ola lathunthu, ndipo sankadziwa ngati mkazi wake ali nalo olalo. Moyo wake wonse wowongolera anali iye, kunyumba ndi kumpingo komwe, ndipo aliyense wopendekera kwina ankamutsitsa. Ngakhale mwana wake woyamba, atasiya sukulu yaubusa, anamulozera chipata zaka zitatu zapitazo. Mulungu amene ankamudziwa anali woti umuuze njira, Iye n'kudalitsa. Tsopano anafunika kugwira munthu wopanda nkhope.

Anasiya kachitsulo kaja. Anakumbatira chiuno cha munthuyo, tsaya n'kuligunditsa pamalaya afumbi aja.

"Ambuye, ndapendekera," ananong'ona.

Pokhota kachitatu ngalande inabwera pafupi ndi nkhope yake moti anamva fungo lake. Anatseka maso, nalola thupi lipite kumene silinkafuna. Njinga inadzuka yokha n'kuwongoka. Mantha sanathe, koma sanalimbanenso nayo mpaka matayala anaponda phula.

Pachipata cha chipatala mkuluyo anatsika. Atapezako mpweya anafunsa munthuyo kuti anadziwa bwanji kumene ankapita. Woyendetsa anayankha kuti aneba anayamba kuimbira iye, ndipo odwalawo asanakomoke ananena kuti iye akatenge amuna awo kutchalitchi. Kenako anavula chisoti.

Anali mwana wake woyamba.