Gina Wayamba Kuonda

Mng'ono wanga Perpétua anali ndi chonyadira chimodzi ku Namacula konse, dera lathu la mu Lichinga: thupi la mwana wake Gina. Mwamuna wa Perpétua anamwalira atatsala mafupa okhaokha. Iye mwini ankamwa mankhwala tsiku ndi tsiku koma thupi linakana kubwerera, ndiye amayi a pampope sankasowa chonong'onezana. Koma Gina akadutsa, masaya odzaza, miyendo ikukhulana, miseche inkatha.

"Koma wanenepa mwanayu!"

Kwathu kuno mawu amenewa ndi chiyamiko. Perpétua akawamva mtima unkakhala pansi, chifukwa kwa iye ankatanthauza kuti matenda ake sanamupatsire mwana.

Tsiku lina Perpétua anapeza buku kumsika, pamulu wa zovala zakaunjika zimene timati kalamidade. Linali lazithunzi, lachipwitikizi, masamba akumapeto atathothoka. Perpétua sukulu sanapite nayo patali, kotero ankangowerenga zithunzi. Munali mtsikana wonenepa wa diresi lachikasu, ndi anzake owonda akumuloza zala, mano onse ali panja.

"Waona, Gina? Akumusirira," ankatero. "Ameneyu kwawo amadya bwino. Enawa taona timiyendo, amvetsa chisoni."

Inenso, Brígida, ndinaona chimodzimodzi. Nanga munthu wa kuno akanaona chiyani? Gina ankagona nalo bukulo, mtsikana wachikasuyo n'kumamutcha mnzake.

Chaka chatha, ali mu kalasi yachiwiri, Gina anadziwa kuwerenga. Tinasangalala, osadziwa kuti tikusangalalira tsoka. Buku lija anasiya kulinyamula. Kenako anayamba kachinyengo kake: kwa amake ankati wadya kwa tiya, ndiye kuti kwa ine mayi ake aakulu, ndipo kwa ine ankati wadya kwawo. Buledi wopita naye kusukulu ankagawira anzake. Pofika nyengo yozizira, yunifomu inali ikulendewera, ndipo mayi wina pampope anafunsa mokweza kuti aliyense amve, "Kodi mwana wa Perpétua akutha chonchi bwanji?"

M'mawa mwake Perpétua anafika kwanga atamugwira Gina padzanja.

"Mana Brígida, mkulu wanga, ndamupha mwana," anandinong'oneza. "Ndiperekezeni ku hospitale, ndekha sindingathe."

Tinakwera njinga zamoto. Pamzere Perpétua ankangosisita mutu wa mwanayo. Ine ndinkachita mantha kwambiri, ndipo ndinali wokwiya ndi Mulungu yemwe, ngakhale sindinanene. Atamutenga magazi, namwino anatiitana.

"Mwanayu alibe matenda, mayi. Ndi njala chabe. Kodi kunyumba chakudya chilipo?"

Njala! M'nyumba imene mbatata ndi nyemba sizisowa, imene mayi amadzimana dzira kuti mwana adye awiri. Perpétua anatuluka. Tinakakhala pabenchi panja, ndipo ndinamugulira Gina mandasi kwa mayi wogulitsa pachipata. Anangowagwira m'manja.

"Gina, ukukaniranji kudya?" ndinamufunsa. "Amako atsala pang'ono kufa ndi mantha."

Gina anayankha maso ali pansi.

"Tiya, m'buku muja sakumusirira ayi. Ndinawerenga ndekha. Akumunena kuti gorda, kuti ndi wonyansa, asasewere nawo. Kusukulu enanso amanditchula choncho. Gorda, gorda."

Perpétua anatukula mutu. "Gorda si wonenepa kodi? Nanga choipa n'chiyani pamenepo?"

"Pachipwitikizi n'chitonzo, mama."

Mphunzitsi wake, purofesora Carla, anadzandiuza pambuyo pake kuti mabuku oterewa amathera pabwino, mwana uja amadzalikonda thupi lake mmene lilili. Mwina n'zoona. Koma masamba amenewo ife sitinawaone, mwina wina anakulungira mtedza. Gina anawerenga mpaka pamene mtsikanayo akulira yekha kuseri kwa sukulu, buku n'kuthera pomwepo.

Pabenchi paja Perpétua anamukokera mwanayo pafupi.

"Ndiye ukufuna ukhale ngati tiana touma tija ta m'buku?"

"Iyayi," anatero Gina, akugwira dzanja la amake lomwe mafupa ake ankachita kuwerengeka. "Ndikufuna ndikhale ngati inu. Inu ndi wokongola, mama. Inu palibe amakusekani."

Ndinatembenukira kumsewu kuti asaone misozi yanga. Za mankhwala aja Gina ankangodziwa kuti ndi a mutu, ndipo za pampope sankadziwa chilichonse. Perpétua anakoka chitenje chake cha kapulana n'kuphimba mikono yake. Kenako ananyema mandasi aja n'kuwayandikitsa pakamwa pa mwanayo.

"Idya, mwananga. Chonde idya. Usadzafanane ndi ine."

"Chifukwa chiyani, mama?"

Perpétua anandiyang'ana kuti ndimuthandize kuyankha.