Mchenga wa mu Usipa

Nthawi inali isanakwane teni koloko, koma dzuwa linali litayamba kale kuwotcha pamene Masuzgo anakhala pansi kwa dokotala, dzanja lili m'chiuno. Kamwala ka mu impso kanatuluka mwezi watha, koma ululu sunachoke, moti poyendetsa minibasi ankachita kukhalira mbali imodzi.

"Pachithunzipa pakuoneka kena kakang'ono," anatero dokotala. "Mukumadya chiyani?"

Masuzgo anasuzumira pachithunzipo. "Kenanso? Koma adokotala, zakunyumba ndinasiya. Mkazi wanga satsuka bwino usipa, mchenga wakewo ndi umene unaundana m'thupimu. Pano ndimadya pachiwaya kudepoti, nyama ndi tchipisi."

"Mchere?"

"Wambiri ndithu, apo ayi sizikoma."

"Nanga madzi?"

"Ndingamwe bwanji? Ndiziimitsa galimoto m'njira anthu ali momwemo?"

Dokotala anamuyang'ana. "Bambo, mchenga umadutsa m'matumbo, sufika ku impso. Timiyalati timabwera ndi mchere, nyama yochuluka ndi ludzu lanulo."

Masuzgo anakumbukira mkazi wake Rebecca akutsuka usipa mobwerezabwereza, kenaka n'kuchotsa mbale yosakhudzidwa.

Atatuluka anagula botolo lalikulu la madzi, naimbira foni mkazi wake.

"Amake Olivia, madzulo ano ndidzadya kunyumba. Mchere muchepetse."

Rebecca anafunsa kuti, "Nanga mchenga uja?"

"Unalibe mlandu. Inunso munalibe."

Atafika kudepoti anamwa madziwo mpaka pakati, nakhala pachiwongolero. Kondakitala anayamba kuitanira anthu a ku Mzuzu.