Seva Yakale ya Pansi pa Tebulo

Seva yatsopano, kompyuta yaikulu yosungira nyimbo ndi mapologalamu, inafika pa wayilesi m'mawa, itakwera pamwamba pa basi yochokera ku Butwal, pakati pa matumba a anyezi. Dhruba Gaire anaitsitsa yekha. Ndiye ankasamala makina onse a kawayilesi kameneka ka m'mapiri a ku Gulmi, ndipo sankafuna manja a wina pa katundu wotere.

"Dhruba bhai, waifungatira ngati mkwatibwitu," anatero Yamuna, mayi amene anali mkulu wa wayilesiyo, pomutchula ngati mlongo wake wamng'ono, atatsamira chitseko, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mkwatibwi salemera chonchi, didi, achemwali anga."

"Wanyamulapo angati iwe?"

Atangotero anadziluma lilime. Dhruba ananyamulapo mmodzi yekha, Menuka, ndipo Menukayo anamwalira chaka chathachi ndi matenda a impso. Kwa zaka zambiri ndiye ankawerenga mauthenga a m'mawa pa wayilesipo: maukwati, maliro, moni wa anyamata ogwira ntchito ku Qatar. Mapologalamu ake onse anali mu seva yakale, chimakina chosokosa ngati chigayo chomwe chinkakhala pansi pa tebulo. Anzake akapita kokadya, Dhruba ankatsala n'kumamvera mkazi wake akulankhula. Aliyense ankadziwa, ndipo ankangomusiya.

Ntchito inali yoti aimike yatsopanoyo, kenako asamutsiremo zonse. Anaimangirira pa shelefu yachitsulo, analumikiza mawaya, n'kudina batani. Zii. Kagetsi kachikasu kokha kankaphethira kumbuyo. Anasintha chingwe cha magetsi, komabe zii. Anatsegula chivundikiro, n'kuzula timemore tonse ndi kutibwezera kamodzikamodzi. Fani inangozungulira pang'ono n'kuima. Ataimbira ogulitsa ku Kathmandu, iwo anati mwina magetsi a pakhomapo ndi ofooka, ayesere pa bokosi la mabatire.

Bokosilo linali ndi malo awiri okha: ena a makina oulutsira mawu, ena a seva yakale. Kuzimitsa wayilesi dzuwa lili pamutu sikukanatheka. Dhruba anasuzumira pawindo. Kumwamba kunali mbee, ndipo magetsi anali asanavute chiyambire sabata. Anazimitsa seva yakale bwinobwino, anaizula ku mabatire, anailumikiza ku magetsi a pakhoma, n'kuiyatsanso kuti muulutsi wa mu situdiyo asasowe nyimbo.

"Kanthawi kochepa chabe," anaiuza akuisisita pamwamba.

Ali chiweramire pa yatsopano ija, magetsi anathima. Asanaweramuke n'komwe anabweranso, koma mwaukali. Babu la kudenga linawala koopsa n'kuphulika. Pansi pa tebulo panamveka phaa! kenako fungo la pulasitiki wopsa.

Yamuna anamupeza atagwada, akuzula madisiki awiri otentha a mu seva yakale ndi manja.

"Upsa iwe! Siya!"

"Ali momwemu, didi. Menuka ali momwemu."

"Palibe kwina komwe unasungako?"

"Kwinako ndi kumeneku." Analoza seva yatsopano. "Ndimati ndisamutse lero."

M'mawa mwake anakwera basi ya ku Kathmandu, madisiki awiriwo atawakulunga m'thaulo pamiyendo. Katswiri wa kumeneko anakhala nawo masiku, kenako anawabweza m'thaulo momwemo.

"Dai, achimwene, ndayesa zonse. Moto unalowa mpaka mkati."

"Ngakhale kachidutswa?"

Munthuyo anangopukusa mutu.

Atabwerera, Dhruba anatsegulanso seva yatsopano, poti wayilesi inkafunikabe nyimbo. Nthawi iyi anawalitsa tochi pansi pa fani. Kawaya kopititsa magetsi ku bolodi kanali katasomphoka pang'ono, mwina ndi mabampu a pamsewu. Anakakanikiza ndi chala. Kanati tche. Makina aja anadzuka, timagetsi tonse tobiriwira. Magetsi a pakhoma analibe mlandu uliwonse, ndipo panalibe chifukwa chochotsera seva yakale ku mabatire. Anakhala pansi pa simenti, msana kukhoma, n'kulira mokweza moti wa mu situdiyo anachita kutseka maikolofoni.

Yamuna sanamufunse maganizo. Analengeza yekha pa wayilesi kuti aliyense amene anajambulapo mawu a Menuka abwere nawo. Masabata anadutsa osabwera munthu. Ndani amajambula mauthenga a m'mawa? Anthu amamva akupalasa moto, basi.

Tsiku lina panafika Khem, woyendetsa jipi ya matola ya kumidzi ya kumtunda. Anasiya galimoto pamsewu, yodzaza anthu, n'kukwera masitepe atagwira kafoni kong'aluka galasi.

"Dai, musandiseke. Ndi kauthenga ka njati yathu yomwe inasowa. Ndinajambula kuti ndikawamvetse bambo anga, makutu awo aja mumawadziwa."

Anadina. Panamveka injini, hutala, mayi wina akukangana ndi wina za mpando. Pansi pa phokoso lonselo, Menuka: "Njati yaikazi, ya nyanga imodzi yopindika, yasowa dzulo kudambo. Amene waiona chonde asaikame, ili ndi eni ake." Menuka anayamba kuseka, ndipo mawu anathera pomwepo.

Dhruba anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Inapezeka njatiyo?"

"Ayi, dai."

Kunja anthu a m'jipi anayamba kuliza hutala ndi kukuwa dzina la Khem.

"Tabwerezanso, bhai."

Khem anayang'ana pawindo, anakoka mpando, nakhala pansi. "Asiyeni adikire," anatero, n'kudinanso.