Chiphaso cha Atata Chinakwera Lole ya ku Dansi

Chiphaso chovotera cha atata ndinachiba ine, mwana wawo Eluby, Lachisanu m'mawa iwo ali kumunda wa khofi. Chinali m'kachitini ka tiyi, pansi pa chithunzi cha malemu amayi. Chithunzicho ndinachitembenuza kuti chisandiyang'ane.

Kwathu ndi ku Misuku. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo masiku ankakwawa ngati nkhono. Kuthyola khofi, kusenza khofi, kugona. Chimene chinkandisunga ndi nyimbo za Trevor Mphezi pa kafoni kanga. Akamayimba za mtsikana wa kumapiri, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti akunena ine.

Kenaka Timothy, mkulu wa achinyamata a chipani china kudera kwathu, anatipeza pamsika.

"Trevor akubwera pa boma Loweruka! Dansi yaulere, lole yaulere, malaya aulere!"

"Ulere wonsewo, a Timo?" ndinafunsa.

"Iwe Nachali," anandiitana ndi dzina la mfunda wathu, "usachedwetse anthu. Aliyense angobweretsa ziphaso ziwiri, chake ndi cha kholo. Tikopereko manambala basi, tidzabweza."

Ndinkadziwa bwino kulemera kwa chiphaso cha atata. Zaka ziwiri zapitazo, nthawi ya dzinja, amayi anadwala mwadzidzidzi. Galimoto yodzawatenga inalephera kukwera chitunda cha kwathu chifukwa cha matope. Amuna anayi anawanyamula pa machila, koma anatsirizikira panjira. Kuyambira pamenepo atata, a Anock Sichali, ankangonena mawu amodzi: "Voti yanga ndi ya msewu." Tsiku la kalembera anayenda maola atatu ndi bondo lotupa. Zonsezi ndinkazidziwa, koma ndinkafuna kumuona Trevor ndi maso.

Loweruka tinadzazana m'lole ngati matumba a chimanga. Tinafika pabwalo la pa boma dzuwa lili paliwombo, ndipo tinapsa nalo maola anayi tikumvera andale akusinthana pa chimkuzamawu. Ine ndinali ndi kalata m'thumba, masamba atatu, yolembedwa ndi inki yofiira.

Trevor atatulukira, anakweza dzanja n'kufuula kuti, "Moni Karonga!"

Anthu anaseka, ena anang'ung'udza, poti kwathu si ku Karonga. Munthu wina anamunong'oneza, iye n'kukonza. Kenaka anayamba nyimbo yanga ija, koma pamene pankakhala mtsikana wa kumapiri anaikapo dzina la amene ankaimira chipanicho. Anayimba nyimbo ziwiri zokha n'kulowa m'galimoto ya magalasi akuda. Kalata yanga ndinaipatsa mlonda wake. Anaipinda n'kupukutira fumbi pa nsapato.

Titabwerera pamene tinatsikira, lole kunalibe. Inali itanyamula zoimbira kupita ku Nthalire, kumene kunali msonkhano wotsatira. Tinagona pa tchalitchi china, ndipo ndinafika kunyumba Lamulungu madzulo, mapazi atatupa.

Atata ndinawapeza pakhonde, kachitini kali pamiyendo, kotsegula.

"Mwaghona, Tata," ndinapereka moni wakwathu.

M'malo moyankha moniwo, anandifunsa m'chiyankhulo chakwathu ngati Trevor anayimba bwino. "Wayimba makora, munthu wako?"

Ndinagwada. "Tata, abweza. Analonjeza."

"Mwana wane, ukanagulitsa mbuzi ndikanati ndi ubwana. Koma ichi?" Anatseka kachitini pang'onopang'ono n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinathamangira kwa Timothy. Ndinamupeza akutsuka njinga yamoto yatsopano.

"Ziphaso zili kwa mabwana," anatero osandiyang'ana. "Mudzalandira chisankho chikatha. Ndipo ukawauze madala akowo kuti nambala yawo tili nayo. Akavotera kwina, makina adzationetsa."

Nditawauza atata, anati, "Basi, sindivota. Kuvotera amene sindikumufuna, yayi. Kuvotera amene ndikumufuna anthu akundisuzumira, yayinso. Amayi ako andikhululukire."

Sabata yonse tinkathyola khofi mzere umodzi osalankhulana. Ndikatsegula foni, mawu a Trevor ankandinyansa. Ndinkalira m'mitengo ya nthochi kuti atata asandione.

Amene anandigwira ndikulira ndi a Jean Chimwala, aphunzitsi a pa pulayimale yathu. Kwawo ndi ku Dedza, ndipo anali atangochokera ku maphunziro a anthu ogwira ntchito pa malo ovotera. Ndinawafotokozera zonse, ngakhale za kalata.

"Masamba atatu!" anatero akugwira pakamwa. "Pa mayeso a Chichewa unalemba otero? Pukuta misozi, tiye kwa bambo ako."

Tinawapeza atata akusankha khofi pa mphasa.

"Monire a Sichali. Ndamva kuti mwanyanyala chisankho."

"Madamu, chiphaso chinapita ku dansi. Mwini wake ndatsala."

"Chiphaso chinapita, koma dzina lanu silinakwere lole. Lili m'kaundula wa pasukulu pomwe munalembetsa, pamodzi ndi nkhope yanu. Mudzabwere ndi chiphaso chaunzika. Akakupezani m'kaundulamo, mudzavota."

Atata anapukusa mutu. "Nanga makina awo aja? Nambala yanga ali nayo."

A Chimwala anatola khofi wofiira m'manja. "Uyu mukapita naye kumakina opuntha, mumathira kuti?"

"M'thanki, pamodzi ndi wa anzanga."

"Atasakanikirana, mungaloze kuti kambewu aka n'kanga?"

"Yayi. Koma Madamu, musandinyengerere. Kumeneko amayamba alemba dzina langa pa sikelo."

"Eya, amalemba kuti a Sichali abwera. Kovota n'chimodzimodzi. Timachonga kuti mwabwera, kuti wina asavote kawiri. Koma pa pepala lovotera palibe dzina lanu. Mumachonga muli nokha, mumapinda nokha, mumaponya m'bokosi nokha. Timothy ngakhale atabwera ndi mabwana ake onse, sangadziwe."

"Ndiye anatengeranji ziphaso?"

"Kuti muchite mantha. Wamantha amawavotera, kapena amakhala pakhomo ngati mmene mwachitiramu. Zonse ziwiri iwo zimawakomera. Kutolera ziphaso za anthu n'kulakwa, ndipo tiyenera kukanena."

Atata anandiyang'ana koyamba sabata imeneyo. "Munali angati m'lole muja?"

"Makumi anayi, Tata."

"Ndiye kuti pali makomo makumi anayi amene akulira ngati lino. Unali ndi miyendo yopitira ku dansi. Uli nayobe?"

Masiku asanu otsatira ndinakwera ndi kutsika mapiri a kwathu, khomo ndi khomo. Kwina ankandithamangitsa, kwina ankandipatsa nthochi. Paliponse ndinkayamba ndi kuvomera kulakwa kwanga, kenaka n'kufotokoza za thanki ya khofi. Ine ndi a Chimwala tinakanenanso nkhaniyi kupolisi. Timothy anasowa pamsika, ndipo ziphaso zathu sitinazionenso.

Tsiku la chisankho tinanyamuka kukucha. Atata ankatsamira ndodo kudzanja lamanja, ine kumanzere. Pa chitunda pamene amayi anatsirizikira anaima, navula chipewa. Nkhungu inali itaphimba chigwa chonse.

Pasukulu mzere unali wautali, ndipo ndinaonamo nkhope zambiri za m'lole muja, aliyense ndi kholo lake. Kalaliki anatsegula kaundula, chala chake chikutsika pang'onopang'ono.

"Sichali, Anock. Ndi inu awa. Pitani uko, bambo."

Anakhalitsa m'kachipinda kovotera. Atatuluka anandionetsa chala cha inki, maso ali ofiira.

"Mwachonga ndani, Tata?"

"Iwe! Madamu anati chiyani? Lowa ukachonge wako."

Anzanga achinyamata, mverani ine amene ndinapsa. Woyimba akabwera nthawi ya kampeni, wabwera pa ganyu. Lero ali kwanu, mawa ali kwina, ndipo mwina sadziwa n'komwe dzina la dera lanu. Kuvina sikulakwa, vinani. Koma chiphaso chovotera musapatse munthu, kaya akulonjezani lole, malaya kapena nyimbo. Wina akakulandani, kaneneni, ndipo pitanibe kumene munalembetsa. Voti ndi yachinsinsi, palibe amene angaione.

Pobwerera bondo la atata linakana pakati pa njira. Tinakhala pamwala. Anatulutsa mbatata yootcha m'thumba la jekete, anaibenthula pakati, ndipo chibenthu chachikulu anandipatsa ine.