Chithunzi cha a Malonje

Kalipentala anali akukhoma zithunzi za akatswiri a nthabwala pakhoma la m'holo ya zisangalalo pamene mtsikana wina analowa, atakumbatira chithunzi cha malemu bambo ake pachifuwa. Loweruka lotsatira holoyo inkayembekezeka kukhala ndi chikumbutso cha masiku ake oyambirira, pomwe inali kachipinda kakuseri kwa bala, nsanja yake ya makireti, maikolofoni yake yolira ngati udzudzu.

Mwini holo, mnzawo wakalekale wa malemuwo, anayang'ana chithunzicho, kenako anayang'ana kudenga. Anati khomalo ndi la anthu amene ankagwetsa holo ndi phwete.

"Mwana wanga, tisanamizane. Bambo ako sankaseketsa."

"Ndikudziwa, amalume. Nthabwala zawo ankayesera ife kunyumba. Amayi ankaseka pofuna kusunga banja basi."

Kalipentala anatsala pang'ono kumeza msomali umene anali ataluma.

Masiku amenewo panalibe wofuna kukwera pansanja koyamba. Woyamba ankapeza anthu akukokabe mipando, akuitanitsa zakumwa, atafulatira nsanja. Bambo a mtsikanayo ndiwo ankadzipereka sabata ndi sabata. Ankavala jekete lofiira n'kumapereka moni tebulo ndi tebulo, mpaka dzina loti a Malonje linawakanirira. Anthu ankawakuwiza, ena kuwagenda ndi zitsekerero za mabotolo. Koma akamatsika, mipando yonse inkakhala itatembenukira kutsogolo, ukali wonse utathera pa iwo. Wobwera pambuyo pawo ankapeza anthu ofewa kale, ongodikira kuseka.

Mtsikanayo anawakumbutsa zonsezi mopanda kupuma. Mwini holo sanatsutse. Anangodandaula kuti alendo adzafunsa kuti ameneyu ndani, chikhalirecho iwo sakukumbukira nthabwala ya a Malonje ngakhale imodzi. Anamuuza kuti adikire, mwina chaka chamawa.

Chimalizireni sukulu, aliyense ankangomuuza mawu omwewo: dikira. Iye ankalota magetsi a pansanja akumuwalira kumaso, ndipo kudikirako kunali kutamufika pakhosi.

"Khoma lanulo khalani nalo, amalume. Iwo sankaima pakati pa akatswiri. Ankabwera patsogolo pawo."

Anatsomphola hamala m'manja mwa kalipentala n'kupita pakhomo penipeni, pamene munthu amayamba kuona asanaone china chilichonse. Msomali woyamba unapindika. Wachiwiri unalowa atadzimenya chala, koma sanalire. Anapachika chithunzicho: bambo ake m'jekete lija, dzanja lili m'mwamba, akupereka moni.

Mwini holo anabwera n'kuima pambali pake. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chapendekeka."

"Chisiyeni. Eni akenso ankaima choncho."

Mwini holo sanachichotse. Mtsikanayo, akuyamwa chala chotupacho, anafunsa kuti Loweruka adzayamba ndani. Mwini holo anakanda m'mutu. Akatswiri onse a pakhoma paja anali atavomera kubwera, koma aliyense anali atanenetsa kuti iye asakhale woyamba.

"Ndidzayamba ine," anatero mtsikanayo.

"Adzakukuwiza, mwana iwe."

"Adzakuwize. Jekete lija lilipo, ndalichapa kale."