Gogodela Yomaliza ya Ustad Zarghun

"Ibwezere pomwe waitenga," anatero Sher Afzal ali chiimire pakhomo la nyumba yosuliramo mfuti. "Anthu akadali kudzapepesa maliro, iwe wayamba kale kuseweretsa zitsulo?"

Baryalai sanacheuke. Anali atakhala pachikopa chomwe ankakhalapo malemu bambo ake, Ustad Zarghun mmisiri wa mfuti, gogodela yaitali ili pamiyendo. Kuchokera ku Karachi, kumene ankayendetsa lole padoko, anafika manda atakwiriridwa kale. Kuyambira pamenepo ankangothawira muno, momwe munkanunkhabe makala ndi mafuta a nkhosa.

"Ndikungoyang'ana, Kaka."

Sher Afzal, amene Baryalai ankamutchula Kaka, anali mng'ono wa malemuyo, munthu wa minda, wosazolowera kuyankhidwa chofulatira. Analowa n'kulanda mfutiyo.

"Uyang'anenji? Iyi inali mfuti ya agogo ako. Inali ndi mwala wake wothethetsa moto, yokongola, moti wamalonda wa ku Peshawar uja, wogulitsa zakale kwa azungu, ankachita kutinyengerera. Ndiye mkulu wanga, maso atafa kale, anachotsa mwalawo n'kuikapo kafataki aka, anapala m'kati mwa mpope, n'kusema mtengo wina. Taona!" Anaikweza chakuwala. "Mtengo wopendekera kumbali ngati mwendo wa galu wothyoka. Ntchito ya wakhungu imeneyi."

Baryalai anayang'ana, ndipo mtima unamuwawa, chifukwa mtengowo unalidi wopendekera. Bambo ake sankalola ngakhale msomali wokhota kutuluka pakhomo lawo.

Mayi ake, Bakhtawara, anafika ndi tiyi wobiriwira. Ataona mlamu wawo anakokera nsalu kunkhope, koma sanabwerere.

"Mfutiyo ili ndi mwini wake, alamu. Anati ndi ya Dilawar."

"Dilawar woweta mbuzi uja? Mfuti ya bambo anga ikanunkhe mikodzo ya atonde?"

"Mimbulu yamuthera tiana ta mbuzi kuphiriko. Zipolopolo za mfuti zamakonozi sangazikwanitse, koma wonga ndi mtovu amapeza. Bambo a Baryalai analonjeza atatuluka m'mzikiti, anthu akumva."

"Lonjezo la munthu wodwala."

"Ndiye mukufuna akaime pamaso pa Mulungu ndi mawu osakwaniritsa?"

Sher Afzal anasisita ndevu. Ndi mkazi wamasiye sakanakangana, choncho anatembenukira kwa mwana wa mkulu wake.

"Chabwino. Bambo ako ankadzitama kuti mfuti iyi idzalunjika ngati ulusi, ndipo sidzatsekeka ndi mwaye ngati magogodela ena. Mawa ukaiyese, anthu akuona. Ikakhoza, apatsidwe wambuziyo. Ikalephera, ipite ku Peshawar isanapulule munthu nkhope n'kutichititsa manyazi. Paja iwe ndiwe unali katswiri wa chandamale m'chigwa muno. Kapena maso anathera pa chiwongolero?"

Atatuluka, Bakhtawara anathira tiyi m'kapu n'kuika pafupi ndi bondo la mwana wake. Baryalai anayang'ana tiyiyo, maganizo ali kutali. Uthenga wa bambo ake unkamupeza ku Karachi kudzera kwa madalaivala anzake. "Akuti ubwere, ali ndi mfuti yofuna maso." Iye ankayankha kuti abwera ikatha Ramadani. Ramadani itatha, anati abwera ikapita Idi. Tsiku lina anachita kuseka nazo pomwa tiyi padoko: dziko lonse lili pa mfuti zolavula moto ngati mvula, mdala wangayo akadali kugogodela wonga ndi kamtengo! Anzake anaseka nawo. Uthenga womaliza sunanene za mfuti.

M'mawa dzuwa litangotuluka kuseri kwa mapiri, anatsikira kukhwawa louma kumene Ustad ankayesera mfuti zake. Amuna ena amene anabwera kudzapepesa maliro anatsatira, atafunda mabulangete. Kutsidya kunali chikhoma cha dothi lofiira. Baryalai anakhomapo chivundikiro cha chitini cha palafini, n'kujambula kabwalo pakati ndi khala.

Anayamba monga momwe anaphunzirira ali mnyamata. Anathira wonga wochuluka kuposa muyezo, anatsindira chipolopolo, anamangirira mfutiyo pamtengo wa mabulosi, n'kumanga chingwe chachitali pachowombera. Onse anabisala kuseri kwa miyala. Atakoka chingwe, chigwa chonse chinayankha, nkhwali zinauluka mbali zonse. Utsi utapita anathamangira kumtengoko, n'kusisita mpope kuyambira kukamwa mpaka kumunsi. Panalibe mng'alu.

"Kusaphulika si kulunjika," anatero Sher Afzal. "Ngakhale mpope wa madzi suphulika."

Baryalai anathira wonga wa muyezo, anaika kansalu kopaka mafuta a mchira wa nkhosa pakamwa pa mpope, chipolopolo cha mtovu pamwamba, n'kukankha ndi chotsindira. Anaveka fataki, anagwada bondo limodzi, n'kutsamiritsa mfuti paphewa lamanja. Tsaya lake silinapeze pokhala. Anasuntha mutu uku ndi uku, anagwira mpweya, n'kuwomba.

Fumbi lofiira linatumphuka kumanzere kwa chitini, kutali ngati mkono wa munthu.

"Mphepo," wina anatero pofuna kumuthandiza. Kunalibe mphepo.

Anathiranso, anawombanso. Kumanzere. Anapukuta thukuta m'manja, anasintha bondo, anawombanso. Kumanzere komweko.

"Mwaona?" Sher Afzal anatambasula manja kwa anthu aja. "Dilawar akadzaloza mmbulu, adzapha mbuzi yake yomwe. Mimbulu idzatitumizira moni!"

Amuna aja anaseka, kenako anakumbukira kuti ali pamaliro, n'kuyamba kutsokomola. Baryalai anawoloka khwawa kukaona. Mabowo onse anali pamodzi, othinana moti anawaphimba ndi chikhatho chimodzi. Mpope woipa umamwaza zipolopolo ngati nkhuku yofukula, uwu sunamwaze. Ndipo chipolopolo chilichonse chinkatsika mosavuta ngati choyamba. Koma akanena bwanji zimenezo kwa anthu amene aona chitini chili chilili? Anaima pamenepo nthawi yaitali, atafulatira gulu, akuganiza za zala za bambo ake zikupapasa mtengo mumdima wa maso awo, popanda wina wowauza kuti apa mwakhotetsa. Ntchito yowauza imeneyo inali ya iye Baryalai.

Pobwerera anaona munthu akutsika njira ya kuphiri, ndodo m'manja, chikopa cha nkhosa paphewa. Anali Dilawar. Uthenga wa maliro unamupeza mochedwa kumsipu wakumtunda. Asanapereke moni anakweza manja, onse anakweza naye, n'kupempherera malemu. Atatsitsa manja kunkhope, Baryalai anaona zimene sankadziwa: diso lamanja la Dilawar linali lotsekeka, chipsera chitadutsa pachikope.

"Nthambi ya minga," anatero Dilawar ataona kuti akumuyang'ana. "Dzinja lapitalo, ndikuthamangitsa mimbulu yomweyo. Iwe unali kunyanja, sunamve." Kenako diso lotsalalo linagwera pamfuti. "Ndi imeneyi? Anaimaliza?"

"Anaimaliza kuiwononga," anatero Sher Afzal. "Funsa chitini icho, sichinakandike n'komwe."

"Ndiloleni ndiigwireko, Khan."

"Igwire. Ukatsanzikane nayo."

Dilawar anapukuta manja pamalaya asanailandire. Anathira wonga mosathamanga, anatsindira, anaveka fataki. Kenako anaikweza n'kuiika paphewa lamanzere. Mtengo wopendekera uja unalowa m'tsaya lake ngati phazi m'nsapato yakale.

Chitini chinalira, n'kugwedezeka pamsomali.

Dilawar anathiranso, osapukuta mpope, n'kuwomba. Chinaliranso. Anawombanso, ndipo kabwalo ka khala kaja kanasanduka bowo.

"Atamva za diso langa anandiitanitsa," anatero Dilawar akutsitsa mfuti. "Anati, iwe sudzalozanso ndi dzanja lamanja, bwera ndikuyeze. Ndinati, Ustad, muyeza bwanji inu osaona? Anandikhazika pansi, n'kuyamba kundigwira nkhope. Tsaya, chibwano, khosi, phewa, ngati telala. Ndinachita manyazi, munthu wamkulu ndevu pepepe kugwidwagwidwa choncho. Iwo n'kumati, khala chete, ndevu zakozi zikundisokoneza muyezo."

Wina anaseka pang'ono, mwachisoni. Sher Afzal sanaseke.

"Nanga mwaye?" anafunsa, koma mawu ake anali atatsika. "Paja ankati sitsekeka."

Baryalai anayang'ana uku ndi uku kufuna nsalu yoyera. Sher Afzal anamasula nsonga ya nduwira yake, anaing'amba ndi mano, n'kumupatsa. Baryalai anakulunga kansaluko pachotsindira, anakalowetsa mpaka pansi, anapotoza, n'kukatulutsa. Gogodela ina iliyonse itawomba chotere, nsaluyo ikanatuluka yakuda bii, yomata ngati phula. Iyi inatuluka yotuwa chabe, ndi timizere tosalala tosonyeza ngalande zomwe Ustad anazokota m'kati.

Sher Afzal analandira kansaluko, anakatembenuza, anakanunkhiza.

"Anali wouma mutu," anatero. "Kuyambira tili ana. Ukamuuza kuti phiri ili silikwereka, madzulo umuona ali pamwamba akukuitana." Anapinda kansaluko n'kukaika m'thumba la pachifuwa. "Tenga mfuti yako, Dilawar. Ukaisiya padothi, ndidzamva."

Ananyamuka manja ali kumbuyo, ndipo amuna aja anamutsatira mmodzimmodzi kukwera njira ya kumudzi. Pakhwawa panatsala awiri.

"Bwanji simunaiyese nokha kalekale, achimwene?" anafunsa Baryalai. "Bwenzi mbuzi zanu zitapulumuka."

"Ndinawapempha. Ndinati, Ustad, mfuti ndi yanga, phewa ndi langa, ikatha ndidzawombe ndekha. Anakana. Ati mfuti siituluka pakhomo pano Baryalai asanaione. Ati diso limodzi silingaweruze ntchito ya munthu wopanda maso." Dilawar anasisita mtengo wa mfutiyo. "Koma ine ndikuganiza ankadziwa kuti ndi yabwino. Ankangofuna kuti iwe uone kuti akadathabe. Basi ikalira kumsewu ankasiya tupa, n'kumvetsera mapazi."

Baryalai anayang'ana miyala ya m'khwawa.

"Ndinachedwa."

"Eya, unachedwa," anatero Dilawar. Baryalai anamuthokoza mumtima chifukwa chosamunamiza.

Dilawar anatsamiritsa mfuti pamtengo wa mabulosi, pakamwa pake pataloza kumwamba. M'malo motsanzika, anawoloka khwawa, anagwada pachikhoma chija, anasolola mpeni n'kuyamba kukumba m'mabowo.

"Zisiyeni," Baryalai anafuula. "Mtovu ulipo wambiri kunyumba, ndikupatsani."

"Si nkhani ya mtovu ayi." Dilawar anatulutsa chipolopolo chophwatalala, anachipukuta n'kuchiika pambali. "Sunkawaona? Akamaliza kuyesa mfuti sankachoka pano asanazule zonse. Ankati nthaka sinayambane ndi munthu, isagone ndi zipolopolo m'mimba. Maso atafa ankazifuna ndi zala, mpaka dzuwa kufika pamutu."

Baryalai anakumbukira. Ali mnyamata, akangowomba chomaliza ankathamangira kumudzi kukadzitama kwa anzake, bambo ake n'kutsalira kuno. Ankabwera mochedwa, mawondo ali ofiira. Sanawafunsepo chomwe ankatsalira.

Anavula nsapato n'kuwoloka. Anagwada kumanzere kwa chitini, pomwe panalowa zipolopolo zake, n'kulowetsa chala m'bowo loyamba. Dothi linali lozizira. Anakumba pang'onopang'ono mpaka chikhadabo chinakhudza mtovu. Atautulutsa anayang'ana kwa Dilawar, osadziwa chotsatira.

Dilawar anatapa dothi lodzaza dzanja, analibwezera m'bowo lake, n'kusalaza pamwamba ndi chikhatho, mofatsa, ngati munthu wosisita msana wa mwana wodwala.

Baryalai anatapa dothi nayenso.