Kanungu Pansi pa Dengu

1.
Mphiri sithawa.

Njoka zinazi zikamva mapazi a munthu zimadzichotsa zokha. Mphiri ayi. Imangogona phee, khungu ngati masamba ouma, kudikira kuti wina aiponde.

Enelesi anaiona akuyanika matewera kuseri kwa uvuni wa njerwa. Yonenepa ngati mkono wa mwamuna. Inamuyang'ana. Kenako inakwawa mosafulumira, ngati mwini malo, n'kulowa m'limodzi la mabowo amene ankasonkheramo nkhuni, mbali yoyang'ana kutchire.

Ndipo Ndaziona, mwana wake, anali atangophunzira kukwawa.

2.
Mwana ali kuti?

Kumbuyo.

Mwana ali kuti?

Kumbuyo, Enelesi, kumsana kwako, wakukodzera posachedwapa, sukumva kufunda?

3.
Uvuniwo unali wa Yotamu, mwamuna wake. Anawotcha njerwa kuti amange nyumba yamalata. Nyumba sinamangidwe. Pauvuni panamera bonongwe.

Abambo ake Ndaziona, phwasulani uvuni uja.

Mawa.

Munatero dzulo.

Nasoko, ndiphwasule ndi mvula ino, njerwa zanga zimwe madzi? Mphiri ndi njoka yaulesi. Sithamangitsa munthu.

Mwana wanuyu ndiye aithamangira.

Ndiye muzim'bereka.

Ndikum'bereka. Msana uno ndi wanga, si wa boma.

Yotamu anaseka, natenga khasu, ulendo kumunda kukabandira fodya.

4.
Zimene anayesa, mbali yakutchire ija kumene inalowera:

phulusa, mvula inakokolola
palafini, anadwala mutu ndi iye
tayala lakale la njinga, kulitentha kuti utsi ulowe, anatsokomola ndi mwana
madzi owira, chidebe chathunthu, ndi nkhuni zake zimene anazisenza yekha
kulambula udzu mpaka pakhomo kuyera ngati bwalo la mpira
kupemphera
kutukwana

Mphiri osatuluka. Kapena inatuluka iye asakuona. Chimenecho ndicho chinkamusowetsa tulo.

5.
Mwana amene walawa kukwawa safunanso nsalu. Ndaziona ankapindika, kumenya mateche m'nthiti, kukoka duku, kuluma phewa ndi timano take tiwiri. Enelesi ankatunga madzi ali naye, kupalira ali naye, kuchimbudzi ali naye. Mfundo ya chitenje inam'sendula khungu pachifuwa.

Khala chete, iwe. Pansi pali mwini wake.

6.
M'mawa wina, mame asanaume, akupita kukataya phulusa kudzala, anamva masamba akuchita phokoso pafupi ndi uvuni, mbali yoyang'ana kunyumba, ndipo anaima, naona kanyama kongodzaza m'manja awiri, msana wonse minga yaifupiifupi, kamphuno kosongoka ngati ka khoswe, kataluma mchira wa njoka, osati mphiri ija koma ina yocheperapo, yotuwa, ndipo njokayo inatembenuka n'kujompha, kanyamako n'kukokera minga kumaso ngati munthu wofunda bulangete, njoka n'kumenya paminga, n'kumenyanso, n'kumenyanso, pakamwa pake pakutuluka magazi ake omwe, kanyama kali zii osasiya mchira, njoka ikatopa iko n'kutulutsa kamphuno, kuluma pamwamba pang'ono, kubisanso nkhope, kudikira, kuluma, kubisa, kudikira, mopanda ukali, mopanda changu, ngati mayi amene akutsiriza ntchito yoti palibe wina aigwire, mpaka msana wa njoka unathyoka ndipo iko kanayamba kudya pomwepo, chakumchira, Enelesi ataima ndi chiwaya cha phulusa m'manja, mwana kumbuyo akuombera m'manja

7.
Nachisale, wa nyumba yotsatira, anamvetsera akusenda chinangwa.

Kanungu kameneko, amake Ndaziona.

Mwana wa nungu?

Ayi, nungu ndi ina, ya minga italiitali ija. Aka sikakula kuposa pamenepo. Ati ululu wa njoka sukagwira.

Umakagwira. Ndinakaona kakubisa nkhope. Chinthu chosaopa kufa sichibisa nkhope. Kungoti kamadziwa pobisa.

Ee, mwasanduka aphunzitsi lero. Koma kukaona kutacha choncho ndi malodza, mukudziwa?

Malodza ndili nawo kale, Anachisale. Akugona muuvuni. Ena akubandira fodya.

Nachisale anaseka mpaka mpeni kugwa.

8.
Galu timam'mangirira pakhomo kuti alonde pakhomo.

Mbuzi timaimangirira pamene tikufuna idye.

Chimene chili ndi ntchito sitichisiya chizingoyenda m'tchire.

Enelesi sanafunse munthu. Kutacha anakadikira pamalo omwe aja. Kanatulukira mu bonongwe, kakununkhiza pansi. Anakaponyera chitenje. Kanadzipinda n'kukhala ngati chipatso cha minga, kakufwenthera mkati, ndipo minga inam'baya kudutsa nsalu, koma sanasiye. Pakhonde, pamene mwana akanamasewera, anakavundikira ndi dengu lalikulu. Pamwamba anaikapo mwala.

Njoka ili ndi mphuno zake. Ikamva fungo la ameneyu idzadziwa kuti khonde lino lili ndi mwini.

9.
Anakapatsa:

ngumbi
nyongolotsi zapadzala
dzira, dzira lenileni, limene akanam'phikira mwana
madzi m'chivundikiro cha poto

Osadya.

Kankangokanda. Kwe, kwe, kwe. Osati paliponse. Mbali imodzi yokha ya dengu, yoyang'ana kuuvuni. Enelesi akatembenuza dengu, iko kankasuntha n'kupezanso mbali yomweyo.

Mlonda wanu wanyanyala ntchito? anatero Yotamu akusamba m'manja.

Wanunkhiza mdani. Taonani kumene akukanda. Akufuna akathane nayo lero lomwe. Osati ena a mawa.

Ndiye m'masuleni akathane nayo.

Kuti akatero alowe m'tchire, ine nditsale ndi inu?

Nasoko, pakamwa panupa.

Pakamwa panga sipaluma mwana.

10.
Pansi.

Tsiku lotsatira, dzuwa litakwera, anamasula mfundo. Anayala mphasa pambali pa dengu, nam'khazika Ndaziona. Msana unalira ngati chitseko chakale. Anaima chilili, manja m'chiuno, mphepo ikum'fika pamene sinam'fike kwa nthawi yaitali, pamsana ponyowa ndi thukuta la anthu awiri.

Mwanayo anayang'ana amake. Anayang'ana bwalo lonse loyera lija. Anaseka.

Kwe, kwe, kwe.

Londa, anatero Enelesi kwa dengu. Ine ndisinjeko.

11.
Munsi m'mwamba, munsi mumtondo.

Mwana ali kuti?

Pamphasa, akudya chala.

Munsi m'mwamba, munsi mumtondo.

Mwana ali kuti?

Pamphasa, akumenya dengu.

Anawerama kuti apete. Gaga anam'lowa m'diso. Anatikita, anatikitanso, anapukuta ndi nsonga ya chitenje.

Mwana ali kuti?

Mphasa.

Mphasa yokha.

12.
Usakuwe.

Usakuwe, Enelesi, akamva dzina lake atembenuka, akatembenuka aponya dzanja pambali, ndipo pambali pakepo si masamba ouma.

Ndaziona anali pakamwa pa bowo la uvuni, mbali yoyang'ana kunyumba, matako m'mwamba, mutu atasuzumira mkati, akuyankhula ndi chinachake m'chiyankhulo chake cha ba-ba-ba, ndipo chinachakecho chinkamuyankha ndi kamawu kakang'ono ngati ka mwanapiye, ndipo m'mbali mwa bowolo, poti kadzanja kake kakanafika osatambasula, panagona mphiri, itatupa pakati, ikuwothera dzuwa, mbali ino, mbali imene sinafikeko chiyambire, ndipo Enelesi anayenda ngati akuponda mazira, munsi kudzanja lamanja, mpweya atausunga, mapazi osawamva, mpaka anafika poti fungo la mkodzo wa mwana wake linam'peza, nagwira kamwendo, nakoka kamodzi, mwamphamvu, ngati akuzula chinangwa, mwana n'kukhula chibwano pansi n'kuyamba kulira, mphiri n'kudzikoka, n'kufufuma, fuuu, n'kujompha pamene panali kadzanja

Dothi.

Inajompha dothi.

Munsi unatsika. Unatsikanso. Sanawerenge. Analeka atamva Nachisale akum'gwira mkono.

Yafa, amake Ndaziona. Yafa kale. Mukusinja njerwa tsopano.

13.
Anam'vula mwana pomwepo.

zala, chimodzichimodzi
pakati pa zala
m'khwapa
m'khosi, m'mapindi onse
kuseri kwa makutu
ntchafu
kuphazi

Palibe.

Yang'ananinso, Anachisale, maso anga sakuona.

Palibe, mayi. Chibwano chokha, ndipo mwam'pweteka ndinu.

Enelesi anakhala pansi m'dothi. Anam'patsa mwana bere kuti aleke kulira.

Nachisale anatembenuza njokayo ndi mtengo.

Yadya iyi. Taonani mimba. Koma si munkati imakhala mbali inayo? Kuno yadzatani?

14.
Kamawu kaja kanalira kachiwiri.

Enelesi anapereka mwana kwa Nachisale, nagwada. Analowetsa mtengo m'bowo, pang'onopang'ono, nakoka. Kunatuluka udzu wouma, masamba a mango, kachidutswa ka thewera limene linam'sowa kalekale. Chisa.

Munali tiana tiwiri. Tating'ono ngati chala chachikulu, tofiirira, maso osatsegula, pamsana timinga toyera tofewa ngati tsitsi la chimanga. Kamodzi kanali kozizira. Kanzake kankagwedeza mutu uku ndi uku, kukamwa kuli yasa.

Chisacho chinali chachikulu, osati cha ana awiri okha.

Nachisale anayang'ana mimba ya mphiri. Anayang'ana kukhonde.

15.
Mwala wa padengu uja unali wolemera kuposa mmene Enelesi anauikira.

Kanungu sikanadzipinde bwino. Mphamvu zinali zitatha. Zikhadabo zinali ndi magazi, nsungwi za dengu zitadyeka mbali imodzi. Enelesi anakanyamula m'chitenje, kanapendekeka, ndipo anaona kumimba: timawere tiwiri tiwiri, totupa, tofiira, tonyowa.

Iye ankadziwa mmene amawawira akafika pamenepo.

Anakaika pansi pakati pa bwalo. Kanaima, kamphuno m'mwamba. Kenako kanayenda, mopepesuka, molunjika. Kanadutsa pambali pa mphiri yakufayo osainunkhiza n'komwe. Enelesi anabwezera chisa ndi mtengo, kamwana kamoyo kali momwemo, ndipo kanungu kanalowa pambuyo pake.

Ndiye kankagona pakhomo la bowo limeneli masiku onsewa, anatero Nachisale motsitsa mawu. Pakati pa mphiri ndi khonde lanu.

Sikankalonda ine.

Ayi.

Enelesi anam'tenga Ndaziona, nam'ponya kumbuyo, namanga mfundo pabala lomwe lija.

Yotamu anatulukira ndi khasu paphewa. Anaona njoka, anaona munsi wa magazi, anaona dengu lili chagada. Anayang'ana kumsana kwa Enelesi.

Mwana?

Ali bwino.

Nanga mlonda wanu?

Wapita kukayamwitsa. Ikani khasu pansi, muyambe kuphwasula. Muyambire kutchireko. Mbali ino musakhudze.